Mbiri ya Lantana, Duwa Lolumpha Mpanda

Akuru a kale anali ndi mwambi wakuti mlendo ndi mame, kutanthauza kuti munthu wodzaceza sakhalitsa, motero ayenera kusungidwa bwino masiku ace owerengekawo. Mwambi umenewu unanenedwa za anthu okha, pakuti zomera ziri ndi khalidwe lina. Zikafika pamalo ndi kupeza nthaka yozikomera sizitsazikanso. Cimanga, cinangwa, nsawa, mbatata, matimati ndi fodya, zonsezi kwao ndi ku America, ndipo zinaoloka nyanja m'zombo za Azungu pambuyo pa caka ca 1492. Koma lero palibe mai wa ku Katete kapena ku Petauke amene angabvomere kuti nsima ya cimanga ndi cakudya cacilendo. Ngakhale cisoso, cimene ena acichula kanzota, kwao ndi komweko, ndipo anthu anacikhululukira kumera kwace pakati pa mbeu cifukwa cimalowa mumphika. Tsono pakati pa alendo onsewa pali mmodzi amene anaitanidwa mwaulemu, napatsidwa malo pakhomo penipeni, amene tsopano maboma a maiko ambiri ataya cuma cosawerengeka pofuna kumpitikitsa. Dzina lace ndiye lantana.

Munthu ali yense amene anayendako m'mphepete mwa mseu wa ku Chipata, Lusaka kapena Ndola anamuona, cinkana sadziwa dzina lace. Ndi citsamba ca nthambi zambiri zopiringizana, zokhala ndi ngodya zinai ndi timinga ting'onoting'ono tokhota. Masamba ace ndi okhakhala, ndipo munthu akawatikita m'manja aturutsa pfungo lamphamvu. Maluwa ace amera m'timagulu tozungulira, ndipo m'kagulu kamodzi mupezeka ena acikasu, ena ofiirira, ena ofiira ndithu, pakuti duwa lisintha maonekedwe pamene likula. Agulugufe amawakonda kopambana. Maluwa akayoyoka pabwera tizipatso tobiriwira, timene tikapsa tida bii ndi kunyezimira ngati mikanda.

Kwao kwa lantana ndi ku maiko otentha a America, kuyambira ku Mexico kufikira ku Brazil ndi pa zisumbu za West Indies. Kumeneko sali woopsa. Amera apa ndi apo m'mphepete mwa nkhalango monga zitsamba zina zonse, cifukwa tizirombo ndi nthenda zimene zinakula naye pamodzi kuyambira kale lomwe zimdya masamba, maluwa ndi mbeu zomwe, kotero kuti sapeza danga lakucuruka. Mau amenewa ndi ofunika kuwasunga, popeza mbiri yonse yotsatira itsamira pamenepo.

M'zaka za m'ma 1600 anthu a ku Holland, amene anali amalonda ochuka a panyanja ndipo analamulira cigawo cina ca Brazil kuyambira 1630 kufikira 1654, anatengera citsambaci ku Ulaya. Ku Ulaya kuli cisanu coopsa, ndipo lantana sakadakhala moyo pabwalo. Motero anthu olemera anali kumsunga m'nyumba za magalasi zofunditsidwa ndi moto, namuonetsa kwa alendo ao monga cinthu ca mtengo wapatali. M'caka ca 1753 Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anakonza njira yochulira zomera ndi nyama ndi maina awiriawiri, anamlemba m'buku lace kuti Lantana camara. Olima maluwa sanakhutire ndi mtundu umodzi. Anatenga mitundu yocokera ku malo osiyanasiyana a America, imene kwao sikadakomana konse, naikwatitsa, nasankha ana a maluwa owala koposa ndi okula msanga, nawakwatitsanso. Nchito imeneyi inapitirira zaka zoposa 200, ndipo mapeto ace kunabadwa mitundu mazanamazana imene sipezeka m'nkhalango iri yonse ya ku America. Lantana amene abvuta alimi lero ndi mwana wa m'minda ya maluwa ya ku Ulaya, wopangidwa ndi manja a anthu amene anali kufuna cokongola cokha.

Pamene maufumu a Azungu anafalikira, lantana anatsata pambuyo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800 anafika m'munda wa Boma wosungiramo zomera ku Calcutta m'dziko la India. M'caka ca 1841 anali atafika ku Adelaide m'dziko la Australia, ndipo mu 1858 analembedwa ku Cape Town ndiponso pa zisumbu za Hawaii. Konseko anapeza dzuwa ndi mvula zonga za kwao, koma adani ace onse aja anatsala kutsidya kwa nyanja.

Kumpoto kwa Zambezi anafika monga duwa la pakhomo ndi mtengo wa mpanda. Njanji inafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1904, mlatho unatha mu 1905, ndipo caka cotsatira sitima inafika ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe. M'mizinda imene inamera potsata njanjiyo, ndi pa maboma ndi mamishoni a kutali, Azungu anamanga nyumba zozingidwa ndi minda ya maluwa, ndipo mbeu za maluwawo zinali kucokera kumwera ndi kutsidya kwa nyanja. Anchito a m'minda imeneyi, aphunzitsi ndi akalaliki anaona ubwino wa mpanda wa lantana, nadula timitengo kukabzala kwao.

Si bwino kuwayesa opusa anthu amenewa, pakuti anali ndi zifukwa zomveka. Mpanda wa udzu, wa mapesi kapena wa bango ufuna kumangidwanso caka ndi caka, cifukwa ciswe ndi mvula ziugwetsa. Nkhadze, imene makolo anali kuchinga nayo midzi ndi makola, ikhalitsa ndithu, koma utomoni wace ukagwa m'maso ndi zoopsa, ndipo iribe duwa lokondweretsa. Lantana akula msanga, safuna kuthiriridwa m'cirimwe, minga yace ibweza mbuzi ndi ana osamva, ndipo acita maluwa pafupifupi caka conse. Mkazi wa kalaliki amene anabzala mpanda wotere kuzungulira kamunda kace ka mpiru ndi matimati anacita monga mwini nyumba wanzeru. Cimene sanaciganizire ndi mbalame.

Citsamba cimodzi cacikuru cikhoza kubala tizipatso tofika 12,000 pa caka. Apumbwa ndi mbalame zina zodya zipatso zimeza tizipatsoto, ziuluka, ndi kukatera pa mtengo wa mango wa mnansi, pa denga la khola kapena m'mitengo ya kumtsinje, ndipo kumeneko zigwetsa mbeu pamodzi ndi zitosi. Mbeu imene yapyola m'mimba mwa mbalame imera bwino kuposa imene yangogwa pansi ndi khungu lace. Apusi ndi anyani nawonso athandiza pa nchitoyi. Ndiponso nthambi ya lantana ikagona pa nthaka yonyowa iturutsa mizu, nisanduka citsamba catsopano, kotero kuti mpanda umene unabzalidwa woongoka uyenda pang'onopang'ono kulowa m'munda umene unayenera kuusunga. Pakapita zaka zowerengeka zitsambazo zilumikizana ndi kusanduka ziyangoyango zimene munthu kapena ng'ombe sizingapyole, ndipo pansi pace udzu ndi mitengo ing'onoing'ono zilephera kumera.

Kutha kwa msipu ndi bvuto loyamba, koma pali lina loposa. M'masamba a lantana muli ululu wochedwa lantadene, umene uononga ciwindi. Ng'ombe zozolowera malo kawirikawiri zimlambalala, koma zogulidwa kwina, kapena zanjala m'mwezi wa October pamene udzu wonse wauma ndipo lantana yekha ndiye wobiriwira, zimdya. Patapita masiku owerengeka ng'ombe ileka kudya, maso ndi nkhama zisanduka zacikasu, ndipo khungu la pamphuno ndi la malo oyera litupa ndi kusupuka likaombedwa ndi dzuwa, kotero kuti nyamayo ithawira pamthunzi. Zambiri zifa. Nkhosa ndi mbuzi nazonso zidwala nthenda yomweyi. Ana a m'midzi amadya tizipatso takupsa takudato, koma tatiwisi tiri ndi ululu, ndipo ku America kunalembedwa za mwana amene anafa atadya timeneto.

Zimene zinacitika ku Busoga m'dziko la Uganda zisonyeza kutalika kwa dzanja la citsambaci. M'zaka za ulamuliro wa Idi Amin, kuyambira 1971 kufikira 1979, malonda a thonje ndi khofi anaonongeka, ndipo alimi ambiri anasiya minda yao. Lantana analowa m'minda yosiyidwayo kufikira pafupi ndi nyumba za anthu. Nchenche za kashembe, zimene zifalitsa nthenda ya kaodzera, zikonda mthunzi wa zitsamba zothithikana. Motero zinacoka m'mphepete mwa nyanja ndi mitsinje kumene zinali kukhala, nizidzakhala m'ziyangoyango za lantana pakati pa midzi. Kuyambira 1976 kunagwa mliri wa kaodzera umene unagwira anthu zikwi zambiri.

Nkhondo yeniyeni yolimbana ndi lantana inayambira ku Hawaii. Pa zisumbu zimenezo munthu wina, Dr. William Hillebrand, anabweretsa mbalame za ku India zochedwa myna m'caka ca 1865 kuti zidye mphutsi zoononga msipu. Mbalamezo zinakonda tizipatso ta lantana, ndipo alendo awiriwa anathandizana kotero kuti pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mabusa ambiri a ng'ombe anali atakwiririka. Eni mabusa analemba anchito odula ndi kutentha, koma ndalama zinali kutha citsamba cisanathe. Pamenepo anthu ophunzira za tizirombo anaganiza cinthu catsopano: ngati lantana ndi wofatsa kwao cifukwa ca adani ace, bwanji osapita kukatenga adaniwo? M'caka ca 1902 Albert Koebele anatumidwa ku Mexico. Iye anayenda m'chire miyezi yambiri kufunafuna tizirombo todya lantana, natumiza mitundu 23 ku Honolulu, kumene mnzace R. C. L. Perkins anali kutilandira ndi kutisamala. Ulendo wa pa sitima ndi pa combo unali wautali, ndipo tambiri tinali kufika titafa. Komabe mitundu 8 inakhazikika. Kameneka kanali koyamba kuti anthu apite dala ku dziko lina kukafuna tizirombo tolimbana ndi comera coononga, ndipo m'malo ouma a Hawaii lantana anacepa ndithu.

Mbiri imeneyi inamveka ku maiko ena, ndipo ciyembekezo cinakula koposa cifukwa ca zimene zinacitika ku Australia ndi comera cina. Kumeneko mtengo waminga wopanda masamba wochedwa prickly pear, umenenso unafika monga mpanda ndi cokometsera pakhomo, unali utalanda mahekitala pafupifupi 24,000,000, ndipo alimi anali kuthawa m'nyumba zao. Mu 1926 Boma linamwaza mazira a kagulugufe ka ku Argentina kochedwa Cactoblastis, ndipo zisanathe zaka khumi mphutsi zace zinali zitagwetsa pafupifupi nkhalango yonseyo. Anthu anayesa kuti lantana nayenso adzatha cimodzimodzi. Australia anayamba kuitanitsa tizirombo ta lantana mu 1914, South Africa, India ndi maiko a kum'mawa kwa Africa anatsatira, ndipo kufikira lero mitundu yoposa 40 ya tizirombo ndi nthenda yamasulidwa m'maiko osiyanasiyana. Palibe ndi umodzi womwe umene wacita kwa lantana zimene Cactoblastis anacita kwa mtengo waminga uja.

Cifukwa cace ciri m'nyumba za magalasi zija za ku Ulaya. Kacirombo ka ku Mexico kadziwa lantana wa ku Mexico. Kakafika ku Queensland kapena ku Natal kapeza mdzukulu wa mitundu yosakanizika, wa pfungo lina ndi kukoma kwina, ndipo kakhoza kudya wa maluwa ofiira ndi kukana wa maluwa ofiirira amene wamera pambali pace. Kena kakonda malo ouma, kena sikapirira cisanu ca kumapiri. Motero tizirombo tifooketsa citsamba, ticepetsa mbeu, koma sitimaliza. Nthawi zina tidzetsanso nkhawa yace. Kacirombo koyamwa masamba kochedwa Teleonemia, kamodzi mwa timene Koebele anatumiza ku Hawaii, katamasulidwa ku Uganda m'zaka za m'ma 1960 kanayoyola masamba a lantana pa Serere, ndipo cakudya citacepa kanagwera m'munda wa citowe. Kuonongako sikunakhalitse, koma kunacititsa akuru a zaulimi kukayika. Masiku ano kacirombo kali konse kayesedwa zaka zingapo pa mbeu zosiyanasiyana kasanaloledwe kuturuka.

Maboma anayesanso njira ya malamulo. M'caka ca 1953 Boma la Northern Rhodesia linakhazikitsa lamulo la zomera zoononga, limene linapatsa mwini malo udindo wocotsa zomera zoletsedwa pa malo ace, ndipo lantana analowa m'gulu la zoletsedwazo. Kulemba lamulo n'kwapafupi. Koma kapitao wa zaulimi sangayendere khomo liri lonse, ndipo pumbwa sawerenga Gazette. Dziko litalandira ufulu mu 1964 citsambaci cinapitirira kufalikira. Cinalowa ngakhale m'kankhalango konyowa ka pa Mosi-oa-Tunya, kamene kakhala kobiriwira ndi nthunzi ya mathithi, malo amene mu 1989 anawerengedwa pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi. Kuyambira 2005 kufikira 2010 Zambia anagwirizana ndi Ethiopia, Ghana ndi Uganda pa nchito yolimbana ndi zomera zacilendo zoononga, ndipo malo ena amene anasankhidwa anali pa mathithi pomwepo, pamene anchito anazula lantana ndi manja m'malo otsetsereka oopsa.

Mu 2012 anthu ena ophunzira anasonkhanitsa malipoti a zaka 200 a ku Australia, India ndi South Africa kuti aone kumene nkhondoyi yafika. Anapeza kuti, kudula konse kuja, kutentha, mankhwala ndi tizirombo zitacitika, lantana anali atagwira mahekitala 5,000,000 ku Australia, 13,000,000 ku India ndi 2,000,000 ku South Africa. Ena mwa iwo anafika ponena kuti kummaliza sikuthekanso, ndi kuti kwatsala kumcepetsa pa malo ofunika ndi kumpezera nchito. Anthu a mtundu wa Soliga kumwera kwa India ayamba kale kutero. Aphika nthambi zace, azisenda, ndi kuluka nazo mipando ndi madengu ogulitsa.

Komatu kulephera kwa maboma m'nkhalango zazikuru sikutanthauza kuti mwini kamunda ka kuseri kwa nyumba alibe cocita. Mbiri yomweyi isonyeza njira zimene zinataya mphamvu za anthu pacabe. Yoyamba ndi cikwakwa. Lantana akadulidwa pamwamba aphuka nthambi zambiri kuposa zoyamba, ndipo nthambi zodulidwazo zikasiyidwa pa nthaka yonyowa zina zimera. Yaciwiri ndi moto. Moto upsereza nthambi, koma citsa citsala camoyo, ndipo popeza udzu ndi timitengo tina tapsa, mvula yoyamba ipeza lantana ali yekha pa bwalo loyera lothiridwa phulusa. Anthu ambiri amene atentha mpanda wao m'cirimwe adabwa kuuona mu January uli wobiriwira kuposa kale.

Njira imene yaoneka yothandiza inakonzedwa ndi Professor C. R. Babu wa ku Delhi pamodzi ndi anzace, ndipo inayesedwa m'nkhalango ya Corbett kumpoto kwa India m'zaka zoyamba za m'ma 2000. Iwo anapenyetsetsa kumene mphukira zicokera, napeza kuti mphamvu yakuphuka iri pa mfundo pamene tsinde likomana ndi muzu, pansi pang'ono pa nthaka. Kudula pamwamba pa mfundoyo ndiko kudzutsa citsamba. Kudula pansi pace ndiko kucipha. Motero munthu mmodzi alowetsa mtengo wolimba pansi pa nthambi ndi kuzitukula, ndipo mnzace adula muzu waukuru ndi nkhwangwa kapena khasu lakuthwa, zala ziwiri kapena zitatu kunsi kwa nthaka. Citsamba conse cinyamulidwa ndi kugadamitsidwa, mizu kumwamba, kuti nthambi zisagwire pansi, ndipo cikauma citenthedwa pamalo amodzi. Iwo anacenjezanso kuti kukumba dzenje lalikuru sikufunika, cifukwa m'nthaka ya pansi pa citsamba cakale muli mbeu zambiri zogona, zimene zidzuka zikagalauzidwa ndi kuona kuwala.

Pa khomo la munthu nchito imeneyi ndi ya masiku owerengeka. Nthawi yabwino ndi pamene nthaka iri yofewa ndipo citsamba ciribe zipatso zambiri zakupsa, pakuti kukoka nthambi zodzala ndi zipatso kupyola pabwalo ndiko kufesa. Wogwira nchitoyo abvale malaya a manja atali, cifukwa timinga tija tikanda ndipo masamba ayabwa khungu la anthu ena. Nthambi zodulidwa zisaunjikidwe pamene mbuzi ndi ng'ombe zifika. Amene ali ndi ndalama akhoza kudula tsinde pafupi ndi nthaka ndi kupaka mankhwala ophera zitsamba pa citsa nthawi yomweyo, cisanaume. Akacedwa mankhwalawo salowa. Ndipo popeza mbalame sizidziwa malire, ndi bwino kupangana ndi anansi, cifukwa mpanda umodzi wotsala kutsidya kwa njira ukwanira kubzalanso mudzi wonse.

Malo ozulidwawo asasiyidwe apululu. Lantana akonda dzuwa ndi nthaka yosokonezedwa, ndipo pa mthunzi wothithikana sakula bwino. Ku Corbett anabzala udzu ndi zomera za m'gulu la nyemba pamalo pomwe anacotsa zitsamba. Pakhomo mbatata, maungu, nandolo kapena nthoci zikhoza kugwira nchito yomweyo, ndipo pa mzere wa mpanda munthu akhoza kubweza mpanda wa nsungwi kapena kubzala mitengo ya zipatso.

Cotsala ndi kubwerera. Mbeu zogona m'nthaka zimera kwa zaka zingapo, ndipo mbalame zibweretsa zina. Anchito a ku Corbett anapeza kuti timbande tambiri timera pansi pa mitengo imene mbalame zikonda kuterapo, ndipo anali kuyendera mitengo imeneyo mvula iri yonse. Pakhomo malo otere ndi pansi pa mango ndi gwafa, m'mbali mwa nkhokwe, kuseri kwa khola ndi pansi pa waya woyanikapo zobvala. M'mwezi wa December, mvula itagwa kawiri kapena katatu, kambande ka lantana kali ndi masamba anai okha, ndipo mwana wa sukulu akhoza kukazula ndi zala ziwiri, muzu ndi wonse.